Mulungu anandisungira abale ku phiri la Selinda

 Ine ndine mayi wa Mvano wa ku Mulanje, mphunzitsi wopuma pantchito, gogo wa zidzukulu zingapo. Ndalemba umboni uwu chifukwa zimene Mulungu wandichitira pa ukalamba wanga sizoyenera kuzisunga m'nyumba. Anandikweza phiri la m'dziko la eni ndi mawondo anga a nyamakaziwa, ndipo kumeneko anandibwezera chinthu chimene ndinali nditasiya kale kuchipempha.

Bambo anga anachoka pamudzi ndili wakhanda, m'zaka za m'ma 1960. Anali wothyola tiyi pa esiteti ina konkuno, koma malipiro ake sankafika pa msonkho, mchere ndi nsalu ya mayi. Masiku amenewo mwamuna akafuna ndalama ankayang'ana kummwera. Ena ankalembetsa ku Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ena kwa Mthandizi amene ankatumiza anthu m'mafamu a ku Rhodesia, enanso ankangouyatsa wa selefu, wapansi kudzera ku Tete. Bambo anapita wa selefu. Poyamba makalata ankabwera, nthawi zina ndi kandalama, ndipo bulangete limene ndinafunda ubwana wanga wonse linachokera kwa iwo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 kunangoti zii. Anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, ana ndi a kuchikazi, choncho amalume anati tisadandaule, mbumba ndi yawo ndipo atilera. Anatileradi, Mulungu awasunge kumene ali. Koma mayi sanakwatiwenso, ndipo anamwalira asanamve kuti mwamuna wawo ali moyo kapena ayi.

Ine ndinakula ndikupemphera kuti bambo abwere. Nditakwatiwa ndinasintha pemphero, ndinkangopempha kuti ndimve kumene anaikidwa. Pambuyo pake ndinaleka zonse. Ndinkaphunzitsa ana a eni za Atate wakumwamba wosataya ana ake, koma mawu oti atate ankandilemera pakamwa.

Njira inatsegukira ku mpingo. Ambiri sadziwa kuti CCAP ili ndi sinodi ku Zimbabwe, Sinodi ya Harare, imene inabadwa chifukwa cha Amalawi opita kukagwira ntchito kumeneko, ndipo mpaka lero m'mipingo yake mumamveka nyimbo za Chichewa. Mwana wanga wamwamuna anajambula pa foni chithunzi chakale cha bambo, nalembapo dzina lawo, mudzi wathu ndi mfumu yaikulu Mabuka, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mkulu wa mpingo wina wa ku Harare. Chithunzicho chinayenda foni ndi foni. Ine ndinali nditaiwalako pamene kunabwera uthenga wochokera ku Chipinge, wa bambo wina amene anati munthu wa pachithunziyo ndi bambo ake. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, limene wonama sakanalidziwa: kodi dzanja lawo lamanzere linali lotani? Iye anayankha kuti chala chaching'ono chinali chopindika, chinathyoka ali mnyamata atagwa mumtengo wa mango. Umo ndi momwe mayi ankafotokozera. Ndinagwada pomwepo pakhonde.

Ulendowo sindiukamba kwambiri. Basi ya ku Harare inatidutsitsa pa Mwanza ndi Zobue, tinaoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka ku Harare tinakwera ina ya ku Mutare, kenako ya ku Chipinge. Chimene chinandidzidzimutsa ndi chakuti basi itasiya chigwa chotentha cha mtsinje wa Save n'kuyamba kukwera, ndinkangoona ngati ndikulowa ku Thyolo: dothi lofiira, nthochi, mapeyala, makadamiya, ndi tiyi wobiriwira woyalidwa m'mapiri. Tiyi wa ku Chipinge anayamba kudzalidwa mu 1924 pa famu yotchedwa New Year's Gift, pamene kwathu ku Mulanje anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1890. Mwina ena mwamwapo tiyi wa Tanganda. Kwawo ndi kumeneko. Munthu wodziwa kuthyola masamba awiri ndi kansonga kuchokera ku Mulanje sakanasowa ntchito m'dziko limenelo, ndipo ndinayamba kumvetsa chimene chinawakokera bambo kumeneko.

Achimwene anga, amene ndi aang'ono kwa ine ndi zaka zambiri, anandichingamira pa depoti. Sindinafunse kuti ndi ati. Mphumi, kaimidwe, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za mchimwene wanga wamkulu amene tinamuika ku Mulanje. Akuluakulu sananame kuti chibale ndi fupa, sichiola. Iwo amalankhula Chindau, chinenero cha mayi awo ndi cha dera lonselo, koma Chichewa amachimva ndipo amachilankhula mochithyolathyola. Ana awo anandizungulira akuti "vatete, vatete", ndiye kuti azakhali, ndipo usiku umenewo kunaphedwa nkhuku.

M'mawa mwake ananditengera kumanda, kuseri kwa komboni ya esiteti imene bambo anagwirako ntchito yawo yomaliza. Ndinaima pamenepo ndi nsalu yanga ya Mvano, ndinapemphera monga mwa mwambo, koma msozi sunatuluke. Mtima unali gwa. Munthu amene anagona pansi pa mulu wa dothiwo ndinalibe naye chikumbukiro chilichonse. Achimwene anandiyang'ana nati, "Achemwali, pano tinangoika thupi. Ngati mufuna kuwadziwa bambo, mawa tipite ku Chirinda."

Phiri la Selinda, kumene kuli nkhalango ya Chirinda, lili makilomita ngati 30 kummwera kwa tauni ya Chipinge, pafupi kwambiri ndi malire a Mozambique. Kungotsika pang'ono mwafika pa chipata cholowera ku Espungabera. Pamwamba pake ndi mamita opitirira pang'ono 1,200. Ndinaseka atandiuza, chifukwa ine ndinabadwira patsinde pa Sapitwa wa mamita 3,002, ndipo kwathu kaphiri koteroko sitikapatsa n'dzina lomwe. Koma mawondo anga sankaseka. Adokotala anali atandiuza kuti ndichepetse kuyenda mitunda, ndipo kwathu ngakhale kupita kutchalitchi ndimakwera kabaza. Usiku umenewo ndinauza Ambuye kuti ngati mwandifikitsa kuno, miyendo ya mawa mupereke ndinu.

Tinayambira pa mishoni. Inakhazikitsidwa mu 1893 ndi amishonale a American Board, patapita zaka 17 chiyambire mishoni yathu ya Blantyre, ndipo lero ili m'manja mwa mpingo wa United Church of Christ in Zimbabwe. Pali tchalitchi, chipatala ndi sukulu, nyumba zakale za njerwa zofiira. Amishonalewo asanafike, dziko limenelo linali pansi pa Ngungunyana, mfumu ya Gaza, mdzukulu wa Soshangane amene anathawa nkhondo za Shaka nthawi imodzi ndi Zwangendaba, uja anaoloka Zambezi ndi Angoni mu 1835. Ndinadziuza kuti njira ya pakati pa dziko lino ndi kwathu sinayambe ndi bambo anga ayi. Anthu akhala akuiponda kuyambira kale, ena kukwera, ena kutsika.

Nkhalango ya Chirinda imayambira pafupi pomwepo. Ndi malo otetezedwa a mahekitala pafupifupi 950, oyang'aniridwa ndi a Forestry Commission. Alendo obwera ku Zimbabwe amathamangira ku Victoria Falls, ku Nyanga ndi ku Vumba. Kuno ndi kumathero a msewu, ndipo tsiku limenelo sitinakumane ndi mlendo wina aliyense m'njira. Unali mwezi wa Juni. Nkhungu yozizira ija timaitcha chiperoni inali itakuta phiri, ikuchokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique monga imachitira kwathu. Ndiyo imasunga nkhalangoyi yobiriwira chaka chonse, ngakhale m'miyezi imene kuchigwa udzu wauma. Masamba ankadontha madzi ngakhale mvula sinkagwa.

Titangolowa, kunada ngati dzuwa lalowa kale. Mitengo yake ndi yowongoka, yopanda nthambi mpaka kutali m'mwamba, ndipo zingwe zamitengo zikuluzikulu zikulendewera paliponse. Ndinazindikira mbawa, msikidzi, ndi akachere amene amamera pa mtengo unzawo, kuuzinga mpaka kuupha, iwo n'kutsala chiimire ndi mphako mkati. Anchima ankadumpha m'mwamba akutigwetsera timitengo. Kawiri konse achimwene anandigwira mkono kuti ndidumphe mzere wa linthumbwi. Anandiuza kuti muli kambalame kakang'ono kotchedwa dzina la Swynnerton, Mzungu wofufuza zachilengedwe amene ankakhala m'mphepete mwa nkhalangoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kanapezeka koyamba momwemo. Ena amachokera kunja kudzangofuna kukaona. Ife sitinakaone, ndipo kunena zoona ine maso anga anali pansi, pa mizu yoterera.

Nkhani ya bambo ndinaimva m'zidutswa, pa malo opumira. Ndikakhala pa chipika kuti mawondo azizire, achimwene ankapitiriza pamene analekezera.

Bambo sanayambire ku Chipinge. Anayamba ku Honde Valley, kumpoto kwa Mutare, kumene kulinso minda ikuluikulu ya tiyi. Kumeneko ndiko kunkachokera makalata aja. Mu Marichi 1976 boma la Samora Machel linatseka malire a Mozambique ndi Rhodesia, ndipo njira ya ku Tete, imene inali khomo lathu, inatsekeka. Nkhondo ya ufulu inali itafika m'chigwamo. Mu Disembala chaka chomwecho antchito 27 a pa esiteti ya tiyi ku Honde Valley anawomberedwa usiku umodzi, mabanja awo akuona. Bambo ankagwira ntchito m'chigwa chomwecho. Anathawa ndi zovala za m'thupi, chitupa ndi makalata a mayi zonse zinatsala, ndipo anatsikira kummwera mpaka ku Chipinge. Kumenekonso malire anali otcheredwa mabomba okwirira. Ufulu utabwera mu 1980, nkhondo ya ku Mozambique inali itakula, ndipo magalimoto odutsa ku Tete ankayenda moperekezedwa ndi asilikali mpaka mtendere wa mu 1992. Pofika nthawi imeneyo anali atakwatira mayi wa Chindau, ali ndi ana, ali kapitawo wa othyola tiyi.

"Nanga 1992 itadutsa?" ndinafunsa. Sindinafune kuwapeputsira mlandu.

Achimwene anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Manyazi, achemwali. Ankati ndikalowa bwanji m'mudzi chimanjamanja, ana nditawasiya akukwawa?" Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, ndikapeza ya njinga ndi ya malata. Ndiye kunabwera lamulo la unzika la mu 2001, limene linasiya anthu ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ngakhale ana awo obadwira konko, akulembedwa kuti ndi alendo. Bambo analibe pepala la Malawi, analibenso la Zimbabwe lowalola kutenga pasipoti. Kandalama kamene anasunga kanasungunuka mu 2008, pamene ndalama ya dzikolo inagwa mpaka boma linafika posindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Anamwalira m'nyengo yomweyo. Malamulo atsopano a mu 2013, amene anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe a makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo, anathandiza achimwene, koma mwini wake anali atapita.

Sindikunena kuti bambo anachita bwino. Kalata imodzi inali yotheka, ndipo mayi anga anayenera kuilandira. Manyazi a mwamuna mmodzi anadya moyo wonse wa mkazi. Zimenezi ndinawauza achimwene pomwepo, ndipo sanatsutse. Koma kwa nthawi yoyamba ndinaona munthu, wamantha ake ndi zifukwa zake, pamene kale ndinkangoona mpata wopanda kanthu.

Njira inatsetsereka, ndipo tinafika pa mtengo umene amautcha Big Tree. Ndi mbawa, womwewu timapangira mipando ndi zitseko kwathu, koma sindinaonepo wotere. Kutalika kwake amati ndi mamita pafupifupi 65, thunthu lake kupingasa kwake ndi mamita opitirira 4, ndipo mizu yake yotuluka pansi ndi yaitali kuposa munthu. Wakhala pamenepo zaka mazanamazana, ndipo boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za fuko. Ndinaugwira ndi manja onse awiri. Apa mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa chinandiwawa. Ine ndaona ndi maso anga nkhalango ya phiri la Thyolo ikutha, phiri la Ndirande likumetedwa mpala, ndi mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ukutsika paphiri pamitu ya anthu mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera mapiri pamitu ku Chilobwe, ku Phalombe ndi kwathu komwe. Anzathu a ku Chimanimani ndi Chipinge nawonso analira maliro otere ndi Idai mu 2019, choncho sindikuti mtengo umaletsa tsoka lililonse. Koma anthu a ku Selinda, osauka ngati ife, ofuna nkhuni ndi minda ngati ife, asiya nkhalango yawo chiimire. Ife akhristu a ku Malawi timaimba bwino za chilengedwe cha Mulungu Lamulungu, Lolemba n'kunola nkhwangwa.

Kuchoka pamenepo ndiye kunali chikweza chenicheni. Achimwene anandidulira ndodo ya nthambi yogwa kale. Ndinkayenda masitepe ochepa n'kuima, mtima ukugunda m'makutu. Sindinganame kuti ululu unachoka. Unalipo phazi lililonse. Chimene ndikuchitira umboni ndi chakuti mawondo sanagonje. Mayi amene sindifika kumsika wapansi ndinakwera mpaka kumene mitengo inathera, tinatulukira poyera, pa udzu ndi miyala. Chiperoni chinali chitayamba kung'ambika, ndipo pansi pathu panaoneka minda ya tiyi, midzi, ndi mapiri a ku Mozambique atandandalika mpaka kumene maso amalekezera.

Achimwene anavula chipewa. Anati bambo ankabwera nawo pamalo amenewa ali mnyamata, Lamulungu lina akaweruka kutchalitchi. Ankaima kuyang'ana kumpoto chakum'mawa, n'kunena kuti Mulanje ali uko, kuseri kwa mapiri awo, ndipo kuli abale ako. Kenako ankapemphera m'Chichewa. "Pempherolo ndinaliloweza ndisanadziwe tanthauzo lake," anatero. "Mundilole ndilinene momwe ankanenera."

Tinagwada pa udzu wonyowa. Anayamba ndi kuthokoza, ndi Chichewa chakale cha ku Mulanje, chokoka mawu monga ankalankhulira agogo. Kenako anayamba kutchula maina. Anatchula mayi anga ndi dzina la kwawo. Anatchula mchimwene wanga wamkulu, anatchula mchemwali wanga, onse amene tinawaika kale. Pomaliza anatchula dzina limene kwathu palibe munthu wamoyo amalidziwa, dzina limene bambo anandipatsa ndisanabatizidwe. Silili pa chitupa changa, silili pa satifiketi iliyonse, ana anga salidziwa, ndipo mwana wanga sanalilembe pa chithunzi chija. Mayi okha ndi amene ankandiitana nalo, tikakhala awiri. Achimwene sankadziwa n'komwe kuti mwini dzinalo ndi ine. Ankaganiza kuti ndi mwana wina amene anamwalira.

Ndinawagwira dzanja ndi kuwauza kuti ndine ndemwe. Misozi imene inakana kumanda inatuluka pamenepo, ndipo tinalira tonse awiri mokweza, nkhalamba ndi bambo wa ana, popanda wotitonthoza. Zaka zonse zimene ndinkati ndine mwana wotayidwa, dzina langa linkakwera kumwamba kuchokera paphiri limeneli. Ndinaphunzira sukulu popanda wondilipirira wodziwika, ndinapulumuka pa uchembere wovuta, ndinalera ana anga nditaferedwa mwamuna, ndipo ndinkati ndi mwayi chabe ndi khama la mayi. Tsopano ndikudziwa kuti panalinso pemphero la munthu wolephera, wamanyazi, amene sanathe kulemba kalata koma sanaleke kutchula ana ake pamaso pa Mulungu. Ndipo Mulungu, amene samva olungama okhaokha, anamumvera. Pamenepo ndinawakhululukira bambo anga, osati chifukwa mlandu unatha, koma chifukwa katunduyo anachotsedwa pamutu panga ndi Wina.

Potsika ndinafunsa dzina la mwana wawo wamkazi woyamba, amene ndinkangomumva akuitanidwa ndi dzina la mwana wake. Anaseka. Agogo ake anamutcha dzina lomwelo.

Lamulungu ndinapemphera nawo m'tchalitchi cha pa mishoni. Nyimbo zinali za Chindau, koma maimbidwe ena ndinawazindikira ndipo ndinkaimba nawo m'Chichewa. Anandipatsa mpata wopereka moni, ndipo nditanena kuti ndachokera ku Mulanje, potuluka anandizungulira anthu angapo okalamba ndi achinyamata. Wina anati agogo ake anali a ku Zomba, wina a ku Dedza, wina ankangodziwa kuti kwawo ndi "ku Nyasaland, pafupi ndi nyanja". Mayi wina anandigwira chitenje nati ndikamufunire abale a bambo ake, koma dzina la mudzi sankalidziwa. Ameneyo ndimamupempherera mpaka lero, chifukwa popanda mudzi ndi mfumu, poyambira palibe.

Achimwene tsopano ali ndi pasipoti, ndipo tagwirizana kuti akakolola abwere ndi mwana wawo uja kudzaona manda a mayi ndi kudzalonjeredwa kwa amfumu. Amalume anga otsala avomera kuwalandira. Ndikupempha a Mvano anzanga ndi onse owerenga kuti muwapempherere ulendo umenewo, pakuti ndalama ya basi kwa mlimi wa ku Chipinge si yapafupi.

Ndipo inu amene muli ndi mtchona m'banja mwanu, kaya anapita ku Halale, ku Joni kapena ku migodi ya ku Zambia, musadikire. Funsani okalamba akadali moyo dzina lake lenileni, mudzi, mfumu ndi chizindikiro cha pathupi pake, mulembe, mupereke kwa abusa anu kuti atumize ku mipingo ya kumeneko. Ana ake angakhale akukufunani ndi dzina limene inu munaliiwala. Ambuye alemekezeke. Amen.